Kokayenda ndi Banja pa Tchuthi: Malangizo kwa Mabanja a mu Mzinda wa Lilongwe

Mabanja ambiri a mu Lilongwe akati akayende, maganizo amathamangira kunyanja, ndipo tsiku lake limakhala limodzi lomwelo: 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Tsikulo msewu wa ku Salima umadzaza kuyambira mbandakucha, pagombe la Senga Bay pamasowa poponda, chambo chimakwera mtengo, ana amasochera m'chikhamu, ndipo madzulo anthu amabwerera atatopa, ndalama ya mwezi wonse itathera tsiku limodzi. Chonsecho nyengo yoyenda ndi yaitali. Imayamba mu Juni, misewu ya fumbi itauma, n'kufika mu Novembala mvula isanagwe, ndipo mwezi uliwonse uli ndi malo ake oyenera. Kabuku kano ndi kothandiza banja kusankha malo mogwirizana ndi nyengo ndi thumba, komanso kupita ndi kubwerako onse ali bwino.

Mwezi uliwonse uli ndi kwake

Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira. Imeneyi ndi nthawi ya mapiri, chifukwa munthu amakwera osapsa ndi dzuwa ndipo kumwamba kumakhala koyera, maso amafika patali. Kunyanja miyezi imeneyi kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yomwe imautsa mafunde aakulu mpaka asodzi enieni amakokera mabwato awo kumtunda. Mwera umapitirira mpaka mu Ogasiti, nthawi zina kudutsa apo.

Ogasiti ndiye mwezi wa tchuthi chachikulu cha ana asukulu. Kumakhala mphepo ndi fumbi, koma sikunayambe kutentha kwenikweni, choncho ndi nthawi yabwino ya nkhalango, ya kumudzi kwa agogo, ndi ya miyambo. Mwambo wa Kulamba, pomwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, umachitika chakumapeto kwa mwezi umenewu. Wofuna kupitako ndi ana akonzeretu zikalata zodutsira pachipata cha Mchinji kudakali masabata angapo.

Sepitembala, Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala ndi chilimwe. Nyanja imadekha, madzi amafunda, ndipo kumalo osungira nyama zakutchire udzu umakhala utauma, nyama zimasonkhana pamadzi n'kumaoneka mosavuta. Koma kumbukirani kuti Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 pomwe nyanja ili pansi, chapafupi ndi mamita 470. Kutentha komwe mumadandaula nako ku Area 47 ndi kochepa poyerekeza ndi kwa ku Salima masana a mu Okutobala.

Yambani ndi zapakhomo

Pali ana obadwira mu Area 10 kapena Area 3 omwe anafikako ku Johannesburg koma sanapondepo m'nkhalango yomwe amaidutsa tsiku lililonse popita kusukulu. Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali Lilongwe Wildlife Centre. Muli tinjira toyendamo wapansi pansi pa mitengo yachilengedwe, muli mbalame, apusi ndi agwape. Polowa pamalipidwa. Ana asatsikire kumtsinje, ndipo apusi musawapatse chakudya, chifukwa akazolowera amalanda m'manja.

Tsiku lina Loweruka m'mawa mukhoza kuyendera City Centre yokhayo: chiliza cha Kamuzu Banda chomwe chinatsegulidwa mu 2006, nyumba ya malamulo yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2010, munda wa mitengo ndi maluwa womwe uli chapafupi pomwepo, ndi chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18. Mwana wa Sitandade 6 yemwe analoweza kuti likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975 amazimvetsa bwino akaima pamalopo n'kuona Capital Hill ndi maso ake. Ulendo wotere umangofuna madzi akumwa, nthochi ndi chipewa. Umathandizanso kholo kudziwa kuti mwa ana ake ndani amatopa msanga, ndani amathawathawa, musanawatengere kutali.

Mapiri ndi nkhalango za tsiku limodzi

Phiri la Bunda lili pafupi ndi sukulu ya zaulimi ya Bunda, makilomita ngati 30 kuchokera mumzinda. Ndi thanthwe lalikulu lotsetsereka, ndipo pamwamba pake nthawi zambiri mumapeza anthu akupemphera, ena atagonera komweko. Apatseni ulemu: wailesi izime, ndipo musawajambule. Kukwera sikutenga nthawi yaitali, koma potsika ndi pomwe anthu amaterereka. Nsapato zikhale zogwira pansi, masilipasi atsale kunyumba.

Phiri la Nkhoma mumalifikira pokhota pa Kamphata, pamsewu wa M1 wopita ku Dedza. M'tsinde mwake muli mishoni yomwe inayamba mu 1896, ndi chipatala chake. Chigawo chomaliza chokafika pansonga ndi chovuta, pamafunika kugwira miyala ndi manja, ndiye ana aang'ono ndi agogo akhoza kuthera panjira n'kudikira pamthunzi ndi munthu wamkulu mmodzi. Palibe manyazi pamenepo.

Dzalanyama ndi nkhalango yomwe imamwetsa mzinda wonse, chifukwa mtsinje wa Lilongwe, womwe madzi ake amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, umachokera kumeneko. M'mbiri ya Achewa, m'mapiri omwewa ndi momwe muli Kaphirintiwa, malo omwe makolo ankati anthu ndi nyama zoyamba zinatsikira. Mu Sepitembala mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira mvula isanabwere, ndipo nkhalango yonse imasintha mtundu. Msewu wake ndi wafumbi ndipo umafuna galimoto yokwererapo. Panjira mudzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, ndipo mwana akafunsa komwe akuchokera, muuzeni zoona: akuchokera m'nkhalango yomweyo, ndipo ambiri akupita kumbaula za mumzinda mwathu momwemu.

Dedza ali pa makilomita ngati 85. Phiri lake ndi lalitali pafupifupi mamita 2,200, ndipo mu Julayi kumazizira koopsa, choncho majuzi asatsale. Kufupi ndi kumeneko kuli Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zakale pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera anajambula ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazi zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Mphunzi ndi ku Chencherere ndi komwe anthu amakonda kupita. Pezani munthu wa komweko akutsogolereni n'kumupatsa kangachepe. Ana muwauziretu asanatsike m'galimoto kuti pamwalapo sakhudza, sathirapo madzi pofuna kuti chithunzi chiwale, ndipo salembapo dzina. Makala a alendo awononga kale zina mwa zojambulazi.

Amene ali ndi masiku awiri akhoza kutsika mtsetse wa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, n'kukaona Mua, mishoni yomwe inayamba mu 1902, komwe kuli Kungoni, malo osungira chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Kutchire kulikonse m'miyezi imeneyi chenjerani ndi chitedze, chomwe chimakhala chitauma ndipo ubweya wake umauluka ndi mphepo. Mwana akayabwidwa asakande. Muvuleni malaya n'kumusambitsa ndi sopo. Moto wolusa nawo ndi wa nyengo yomweyi, makamaka komwe anyamata akusaka mbewa. Mukaona utsi kumunsi kwa phiri lomwe mwakwera, tsikirani mbali ina msanga, chifukwa moto umathamanga pokwera mtunda. Wina akalumidwa ndi njoka, musacheke pabalapo, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mvuleni mphete kapena nsapato, asayendeyende, mumunyamule kupita kuchipatala chapafupi.

Ndalama zikambidwe poyera

Maulendo a mabanja awiri kapena atatu amakoma, ndipo mafuta amapepuka mukagawana. Koma ubale wambiri wasokonekera pa nkhani ya yemwe analipira nsomba. Khalani pansi kudakali mwezi wathunthu, muwerengere mafuta, zolipira pazipata, malo ogona, chakudya, ndi ndalama yapadera ya zadzidzidzi yomwe isakhudzidwe pokhapokha tayala litaphulika kapena wina atadwala. Sankhani msungichuma mmodzi, alembe chilichonse m'kope, ndipo pobwera awerenge pamaso pa onse. Gwirizananinso za ana: kodi mwana akuwerengedwa ngati munthu wathunthu kapena theka? Banja la ana asanu ndi banja la mwana mmodzi akapanda kukambirana zimenezi, wina amabwerako akung'ung'udza. Mowa aliyense adzigulire yekha, usalowe m'thumba la gulu.

Mitengo ikusintha pafupipafupi masiku ano, ndiye musadalire zomwe mnzanu analipira chaka chatha. Imbani foni kumalo komwe mukupita, mufunse mtengo wa Amalawi, chifukwa kumalo ambiri osungira nyama umakhala wotsika kusiyana ndi wa alendo akunja, ndipo mutenge chiphaso cha unzika. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki imasowa m'mapiri, choncho ndalama zina zikhale m'manja, zosinthasintha.

Ngati mukutenga mtsikana wantchito kuti akathandize kulera ana, dziwani kuti iye ali pantchito pomwe inu mukupuma. Adye zomwe mukudya, agone pabwino, ndipo mukabwerako mumupatse tsiku lake lopuma. Mlonda wotsala pakhomo mumusiyire chakudya, mayunitsi a foni ndi nambala ya mnansi wodalirika. Zithunzi za pa Facebook zidikire mpaka mutabwerako. Palibe chifukwa cholengezera dziko lonse kuti kunyumba kulibe anthu.

Galimoto ndi msewu

Kutatsala masiku atatu, galimoto ikaonedwe ndi makaniko: mabuleki, oyilo, madzi, magetsi ndi matayala, kuphatikizapo la sipeya, lomwe ambiri amalizindikira kuti ndi lophwa ali kale pa Chezi. Jeke ndi sipanala zikhalemo. Laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale zosatha masiku, chifukwa apolisi apamsewu amachuluka nthawi ya tchuthi. Thirani mafuta odzaza musanatuluke mumzinda ndipo muwerengere obwerera. Zaka zapitazi tonse taona mizere ya pamalo omwetsera mafuta, ndipo kumaboma amatha msanga kuposa kuno. Opita chakummwera pa M1 akonzekere kulipira pachipata cha Kalinyeke ku Dedza.

Msewu wa M14 wopita ku Salima ndi wa makilomita ngati 100, ndipo Senga Bay ali patsogolo pake makilomita ena ngati 20. Mukadutsa Mvera msewu umatsetsereka ndi kukhotakhota. Tsikani ndi giya yaying'ono, musamangoponda buleki njira yonse, chifukwa mabuleki akatentha amasiya kugwira. Pamalo a malonda chepetsani liwiro kwambiri: pamakhala akabaza, mbuzi, ngolo ndi ana owoloka mosayang'ana. Nyamukani m'mawa, ndipo mubwerere dzuwa likadalipo. Usiku misewu yathu imakhala ndi njinga zopanda nyale ndi malole ofera pamsewu omwe chizindikiro chake ndi nthambi chabe. Woyendetsa pobwerera asankhidwe musananyamuke, ndipo ameneyo tsikulo amwe thobwa. Ana akhale kumbuyo atamanga malamba, osati pamiyendo ya wokhala kutsogolo, osatinso kubwalo kwa pikapu.

Opanda galimoto akhoza kukwera minibasi kudepoti ya ku Old Town, kapena kusonkherana n'kuchita hayala imodzi. Mukachita hayala, gwirizanani ndi dalaivala za ola lobwerera ndi chiwerengero cha anthu, kuti asamatolenso ena panjira.

Mukalowa m'midzi

Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Chepetsani liwiro, zimitsani nyimbo, ovala zipewa avule, mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Mukakumana ndi gule wamkulu, womwe umachuluka anthu akakolola, patukani mofatsa, musaimbe hutala, ndipo musatulutse foni kuti mujambule popanda chilolezo. Mwana akafuna kutaya madzi panjira, musamulozere kamsitu kowirira komwe kaima pakati pa minda yoyera. M'midzi ya Achewa mitengo yotsala chonchi nthawi zambiri ndi manda, ndipo mlendo wolowamo amapalamula mlandu kwa amfumu. Pofuna kuimika galimoto pamudzi kuti mukwere phiri, yambani mwapereka moni ndi kupempha. Safunsa anadya phula.

Kunyanja

Pano ndi pomwe pamafunika maso kwambiri. Ana ambiri a mumzinda sadziwa kusambira, ndipo amene anaphunzirira m'dziwe la kusukulu sadziwa mafunde. Nyanja ya Malawi imafika mamita 700 kuya kwake, koma mwana amamira pamadzi ofika m'chiuno mwa bambo ake. Womira sakuwa. Mutu umangoti tumphu, n'kulowanso, manja akupalasa pansi pa madzi, ndipo anthu omwe ali pafupi amayesa akusewera. Choncho pakhale munthu wamkulu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi: osagwira foni, osawotcha nyama, osamwa mowa. Asinthane ndi wina pakatha mphindi makumi atatu, ndipo posinthana anene ndi pakamwa kuti, "Amayi a Chisomo, ana ndi anu tsopano, alipo asanu ndi mmodzi." Pagulu pomwe aliyense akuganiza kuti wina akuyang'ana, ndiye kuti palibe akuyang'ana.

Musanalowe m'madzi funsani asodzi kapena ogwira ntchito pamalopo kuti posambira pabwino ndi pati. Pewani pamabango, pamathiriro a mitsinje monga Linthipe, ndi kusambira m'bandakucha kapena kukada, chifukwa ndi malo ndi nthawi za ng'ona ndi mvuu. Machubu a galimoto ndi zoyandama zopopa ndi zachinyengo: kamphepo kochokera kumtunda kamakankhira mwana kutali mosazindikira. Wina akayamba kumira, amene sadziwa kupulumutsa asadumphiremo, chifukwa womira amakakamira ndi kumiza womuthandiza. Mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe, kapena mumutambasulire nsungwi, uku mukuitana asodzi. Chigubu cha malita asanu ndi chingwe zikhale pamchenga pomwe mwakhala.

Anyamata a maboti adzakuitanani kuti akakuonetseni chilumba. Musakwere ngati mulibe majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe, ndipo mukaona kuti akudzaza anthu mopitirira, tsikani ngakhale mutalipira kale. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pawailesi mwera ukamabwera. Mverani usiku woti mawa mukunyamuka. Mukaona asodzi akhala pamchenga akusoka maukonde dzuwa lili pamutu, bwato ali atakokera kumtunda, inunso tsiku limenelo khalani kumtunda.

Pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko ana akhale pamthunzi, chifukwa mchenga wa mu Okutobala umawotcha mapazi. Mwana wachialubino avale zamanja aatali, chipewa chachikulu, ndipo adzole mafuta oteteza kudzuwa mobwerezabwereza.

Amene atopa ndi madzi akhoza kupita ku Kuti, pafupi ndi Salima, komwe kuli mbidzi ndi nyama zina zosaopsa. Okhala ndi masiku ambiri akhoza kupitirira mpaka kunkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks likuyang'anira kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumeneko kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuwa, ndipo mawindo a galimoto atsekedwe podutsa m'tchire.

Kamba wa paulendo

Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi Lilongwe anakhudzidwa kwambiri. Tengani madzi akumwa kuchokera kunyumba, malita awiri kapena atatu pa munthu aliyense patsiku, ndi ena osamba m'manja pamodzi ndi sopo. Mukagona komweko, madzi a pachitsime muwawiritse kapena muthiremo Waterguard. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera chotani, si akumwa.

Zakudya zomwe zimapirira kutentha ndi mbatata yowotcha, chinangwa, mtedza wokazinga, zitumbuwa, chigumu, mazira owiritsa osasenda, ndi zipatso zosenda nokha. Mpunga wa nyama wophikidwa usiku n'kutsekeredwa m'galimoto yotentha umakhala utasasa pofika masana, ndipo saladi wa mayonezi ndiye woopsa kuposa zonse. Pogula chambo kapena kampango, tsegulani makha muone: akhale ofiira, maso owala, ndipo mnofu ukaudina ubwerere. Pachiwaya gulani zomwe zikuchoka pamoto muli pomwepo. Zinyalala zanu, makamaka majumbo ndi mabotolo, zibwerere nanu m'galimoto.

Kachikwama ka mankhwala kakhale ndi panado, mabandeji, mankhwala otsukira bala, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaying'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, atenge opitirira masiku a ulendo, pamodzi ndi kabuku kawo kakuchipatala. Neti ya udzudzu tengani yanu, ndi kachingwe komangira, chifukwa za m'malo ogona ena zimakhala zobooka.

Mukabwerako

Matenda awiri a kunyanja amaonekera ulendo utaiwalika kale. Malungo amayamba pakatha sabata imodzi kapena iwiri chilumidwireni ndi udzudzu. Aliyense wa paulendowo akatentha thupi, kumva mutu kapena kusanza, apite akayezetse magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala komwe munali. Musagule LA mongoganizira, ndipo akakupatsani, amalize onse ngakhale atayamba kupeza bwino. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi mayi woyembekezera asagone nako kutentha thupi kudikira kuti kuche.

Likodzo limachedwa kuposa apo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka pamabango ndi pamadooko pomwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Ena amaona magazi m'mikodzo, ena saona chizindikiro chilichonse kwa miyezi, uku chikhodzodzo chikuwonongeka. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, ndiye kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Lembani pakalendala tsiku lomwe munalowa m'madzi, muwerenge masabata asanu ndi atatu, kenako banja lonse lipite kuchipatala. Mlingo wake amaupereka potengera kulemera kapena msinkhu wa munthu, choncho ana apite nawo akayezedwe, ndipo onse adye kaye chakudya asanamwe.